Galimoto ikakana kulira: mvetserani kaye musanathamangire kugula batire



Phunziro la ulendo uno si la khasu kapena la ukonde, koma la chinthu chimene chimanyamula zomwe khasu ndi ukonde zatipatsa kupita nazo kumsika. Ambiri a ife masiku ano timadalira galimoto, kaya ndi yathu, kaya ya mwana wathu, kaya ya hayala. Ndipo tonse tikudziwa kuti nsomba yaiwisi sidikira munthu. Galimoto ikakana kulira m'mawa katundu ali pamwamba, ola lililonse lodutsa ndi ndalama imene ikuwola.

Ine si makaniko. Ndine mlimi ngati inu, sukulu ndinalekeza ku pulayimale. Koma zimene ndikulemba panozi ndinaziphunzira molipira, ndiye ndati ndikugawireni kuti inu musalipirenso.

Zimene zinandichitikira

Chaka china mwezi wa Okutobala, kutentha kutafika pachimake, tinapakira utaka wauwisi ndi madengu a tomato m'kapikiapu kanga kakale ka Toyota. Tinali titangotuluka ku Swala ya m'bandakucha, cholinga tikafike ku Limbe msika usanazirale. Nsomba zambiri sizinali zanga, zinali za amayi atatu a m'mudzi mwathu amene anatenga ngongole pokagula kudooko.

Nditapotokola kiyi ndinangomva "tha!" kamodzi, basi zii. Ndinayesanso, chimodzimodzi. Mnyamata wina wodziwako za magalimoto anangosuzumira n'kunena kuti, "Shehe, batire ili lafa." Tinatuma wa njinga yamoto kukatenga batire latsopano pangongole. Anabwera nalo dzuwa litakwera, tinamanga, kupotokola kiyi: "tha!" kamodzi, zii.

Amene anatipulumutsa ndi mkulu wina amene kale ankayendetsa malole. Sanagwire sipanala poyamba ayi. Anati, "Tayatsani nyali zakutsogolo, kenako mulize." Nditapotokola kiyi nyali zinazimiratu. Iye anayamba kukhudza mawaya akuluakulu mmodzimmodzi, mpaka anafika pamene waya wakuda wochokera ku batire wamangidwa ku chitsulo cha galimoto. Anachotsa dzanja msanga, panali potentha. Atamasula bawuti tinapeza dzimbiri lokhalokha. Anapala ndi mpeni, n'kumanganso molimba. Galimoto inalira ulendo umodzi wokha.

Nthawi imeneyo n'kuti ayezi atasungunuka kale. Nsomba zinabwerera kukawambidwa, phindu la amayi aja linathera pomwepo, ine n'kutsala ndi ngongole ya batire, pamene batire lakale linali lamoyo bwinobwino. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikanadekha mphindi khumi, ulendo uja tikanayenda.

Mmene moto umayendera m'galimoto

Kuti mumvetse, ganizani za ulimi wothirira. Pali thanki ya madzi, pali mpopi wotsegulira, pali ngalande yopita kumunda. Madzi akapanda kufika ku mbewu, simuthamangira kunena kuti thanki yauma. Mwina mpopi sunatseguke, mwina ngalande yatsekeka ndi zinyalala penapake.

M'galimoto thanki ndiye batire. Mpopi ndiye kiyi. Ngalande ndiwo mawaya. Munda ndiye sitata, kamota kamene kamazunguza injini kuti iyambe kulira. Koma moto wa magetsi uli ndi khalidwe limodzi losiyana ndi madzi: suyenda ngati palibe njira yobwererera kumene wachokera. Umatuluka pa mutu umodzi wa batire, n'kugwira ntchito, n'kubwerera pa mutu winawo. Njira yobwererayo m'galimoto ndi chitsulo cha galimoto yomweyo. N'chifukwa chake mutu wa batire wolembedwa chizindikiro chochotsera (−) umamangidwa ku bodi ndi ku injini ndi waya wonenepa amene amakaniko amati waya wa ethi. Waya ameneyu ndi amene anandigwetsa ine, ndipo anthu ambiri samuganizira n'komwe.

Chinanso choti mudziwe: sitata imadya moto wambiri zedi, kuposa china chilichonse m'galimoto. Ya galimoto yaing'ono ya petulo imakoka ma amp opitirira 100, ya dizilo kuposa pamenepo. Wailesi ndi tinyali ta padashibodi timangonyambita pang'ono. Choncho musanamizike kuti poti wailesi ikulira ndiye kuti batire ndi mawaya zili bwino. Kangalande kothithikana kangathe kudutsitsa madzi omwa nkhuku, koma osati othirira munda wa mpunga.

Gawo loyamba: khutu ndi maso

Musanagwire chida chilichonse, kokani handibuleki, ikani giya pa fulii, tsitsani galasi, zimitsani wailesi, ndipo mvetserani pamene mukupotokola kiyi. Galimoto imanena yokha pamene pakupweteka. Kalankhulidwe kake kali mitundu isanu.

Koyamba: zii, palibe phokoso, ngakhale nyali za padashibodi sizikuyaka. Apa moto sukutuluka n'komwe. Mwina batire latheratu, mwina mutu wa batire wakhwefuka, mwina fyuzi yaikulu ya pafupi ndi batire yapsa.

Kachiwiri: nyali za padashibodi zikuyaka bwino, koma mukafikitsa kiyi kumapeto palibe chikuchitika. Apa moto ulipo, koma uthenga wochokera ku kiyi sukufika ku sitata.

Kachitatu: "tha-tha-tha-tha" mofulumira ngati makina osokera. Apa moto ukufika koma ndi wochepa. Kawirikawiri ndi batire lofooka kapena mitu ya batire yakuda.

Kachinayi: "tha!" kamodzi mwamphamvu, kenako zii. Apa ganizirani waya wosagwira bwino, makamaka wa ethi, kapena sitata yeniyeniyo.

Kachisanu: injini ikuzungulira bwinobwino monga mwa masiku onse koma sikugwira moto. Apa batire ndi sitata zisiyeni, zilibe mlandu. Vuto lili ku mapulagi, ku mafuta, kapena ku zimene zimatumiza moto kumeneko.

Palinso kazunguliridwe kaulesi, injini ikumveka ngati munthu wodzuka ndi malungo. Kameneka kaikeni pamodzi ndi kachitatu kaja.

Mukamva mtundu wa phokoso, chitani zimene anachita mkulu uja. Yatsani nyali zazikulu zakutsogolo, wina aimirire chapambali n'kumaziyang'ana, inu mulize. Zikazimiratu, pali pena pamene waya sakugwira, kapena batire latheratu. Zikafooka kwambiri n'kufiira, batire ndi lofooka kapena sitata ikukakamira. Zikakhala zowala osasintha, batire lili bwino, vuto lili panjira ya pakati pa kiyi ndi sitata. Mayeso amenewa safuna ndalama, koma amadula theka la ntchito.

Chenjezo: musalize sitata kupitirira masekondi 10 ulendo umodzi. Ipumitseni theka la mphindi kapena kuposa. Kukakamira kiyi kumawotcha sitata ndi kumaliza kamoto kamene kanatsala m'batire.

Gawo lachiwiri: mitu ya batire ndi mawaya akuluakulu

Tsegulani boneti. Gwirani chomangira cha pa mutu uliwonse wa batire n'kuyesa kuchipotoza ndi dzanja. Chikasuntha ngakhale pang'ono, mwina mwalipeza kale vuto. Misewu yathu ya mabampu imamasula zinthu zimenezi pang'onopang'ono.

Yang'anani ngati pamitupo pali ufa woyera kapena wobiriwira. Ufa umenewo umatchinga moto. Kuchotsa kwake n'kosavuta. Zimitsani kiyi. Masulani mutu wochotsera (−) poyamba, kenako wophatikiza (+). Sungunulani supuni imodzi ya soda wophikira therere uja m'kapu ya madzi ofunda, thirani pamitupo mosamala kuti asalowe m'kati mwa batire, chapani ndi kaburashi kakale kotsukira mano. Kenako palani ndi sandipepa mutu wa batire ndi m'kati mwa chomangira mpaka ziwale. Pomanga yambani wophatikiza (+), malizani wochotsera (−). Mukamanga pakani girizi kapena Vaseline pang'ono pamwamba.

Bwanji timayamba kumasula wochotsera? Chifukwa chitsulo chonse cha galimoto n'cholumikizana ndi mutu umenewo. Mukayamba ndi wophatikiza, sipanala ikangokhudza bodi pamathetheka moto woti n'kusungunula chitsulo ndi kukuwotchani dzanja. Pa chifukwa chomwechi, vulani wotchi ndi mphete musanagwire ntchito pa batire, ndipo musamasanjike masipanala pamwamba pake.

Kenako tsatirani waya aliyense ndi maso ndi dzanja mpaka kumene wathera. Wofiira amapita ku sitata. Wakuda amapita ku bodi ndi ku injini. Mukangoyesa kuliza, khudzani malo olumikizira: pamene patentha ndi pamene moto ukuvutikira kudutsa. Nthawi zina waya amaoneka bwino kunja koma m'kati mwa chikopa chake wadyeka n'kusanduka wobiriwira. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Mukampinda pang'ono n'kumva kuti ndi wouma kapena watupa pafupi ndi mutu, ameneyo ngofunika kusintha.

Pali njira yachidule yoyesera ethi. Tengani waya mmodzi wa majampa, mbali ina mugwiritse pa mutu wochotsera wa batire, mbali inayo pa chitsulo choyera cha injini. Lizani. Ikalira, dziwani kuti waya wa ethi ndiye wolakwa, batire ayi.

Ife onyamula nsomba tisamale kwambiri apa. Madzi a ayezi ndi a nsomba amatsikira pansi pa galimoto tsiku ndi tsiku. Feteleza naye akatayikira m'galimoto amadya chitsulo koopsa. Pamene anzathu a m'tauni amayang'ana mawayawa kamodzi pachaka, ife tiziwayang'ana mwezi ndi mwezi.

Gawo lachitatu: batire lenilenilo

Ngati mitu ndi mawaya zili bwino, tsopano tifunse batire. Kamita koyezera magetsi, kamene amati multimeter, kamapezeka m'masitolo a zamagetsi ndipo mtengo wake sufika n'komwe pa wa batire. Ambiri amene muli ndi sola kunyumba mwina muli nako kale. Kaikeni pa 20 mbali ya DC, kawaya kofiira pa (+), kakuda pa (−).

Batire la galimoto lili ndi zipinda 6, chilichonse chimapereka pafupifupi 2.1 volts. Likakhala lodzaza ndipo lapuma maola angapo limaonetsa 12.6. Likaonetsa 12.4 latsikako pang'ono. Pa 12.2 latsala theka. Pa 12.0 kapena kutsika pamenepo ndiye kuti latha, likufunika kutchajidwa. Mukaona cha m'ma 10.5 ngakhale mutalitchaja, kawirikawiri chipinda chimodzi chafa, ndipo batire lotero silichira.

Koma nambala ya batire lopuma sinena zonse. Siyani kamita pomwepo, wina alize. Nambala ikagwa kutsika 9.6 pamene sitata ikuzunguza, batire lafooka, kaya ndi njala ya tchaji kaya ndi ukalamba. Litchajeni usiku wonse n'kuyesanso. Likabwerezanso, pamenepo ndiye gulani lina ndi mtima umodzi.

Ngati batire lanu ndi lotsegula pamwamba, suzumirani m'zipinda. Madzi ayenera kumiza timapuleti ta m'kati. Kuno kotentha madzi amenewa amauma msanga, ndipo kutentha kumakalambitsa batire mofulumira kuposa kumadera ozizira ngati ku Dedza. Onjezerani madzi a batire ogula okha. A pamjigo kapena a m'nyanja ali ndi mchere umene umawononga mapuleti. Asidi musawonjezere, chimene chimauma ndi madzi.

Batire lili ndi asidi woopsa ndipo limatulutsa mpweya wogwira moto, makamaka likamatchajidwa. Musasuzumire ndi machesi kapena koloboyi, wosuta akhale patali. Asidi akakugwerani m'maso kapena pakhungu, tsukani ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali, za m'maso muthamangire nazo kuchipatala. Ndipo chizolowezi chogundanitsa waya pa mitu iwiri kuti tione ngati "lili ndi moto" tichisiye. Batire limaphulika.

Funso lofunika: latha chifukwa chiyani?

Batire silitha popanda chifukwa. Mukangosintha osafufuza, latsopanolo lidzatsata lakale.

Choyamba ndi alitaneta, imene imatchaja batire injini ikamalira. Injini ikulira, kamita kayenera kuonetsa pakati pa 13.8 ndi 14.5 kapena pafupi pamenepo. Kakaonetsa 12 ndi kanthu, batire silikutchajidwa. Kakapitirira 15, likuphikidwa. Yang'ananinso lamba wozunguza alitaneta, injini itazima, ngati wakhwefuka kapena wang'ambika. Kanyali kofiira ka chithunzi cha batire padashibodi kayenera kuyaka mukatsegula kiyi, n'kuzima injini ikalira. Kakakhalabe koyaka mukuyenda, musakanyalanyaze. Ena amayesa alitaneta pozula mutu wa batire injini ikulira. Pa magalimoto a masiku ano okhala ndi kompyuta, zimenezo zingathe kuwotcha zinthu zodula kuposa batire.

Chachiwiri ndi kuba kwa moto usiku: kanyali ka m'kati kosazima, wailesi yolumikizidwa mwachidule, matchaja a foni osiyidwa.

Chachitatu ndi ife eni. Madzulo timazula batire la galimoto kukaonera mpira, kapena kubwereketsa anyamata kuti akayatsire mababu kokawedza usipa, m'mawa n'kulibwezera. Batire la galimoto linapangidwa kuti lipereke moto wambiri kwa masekondi ochepa kenako litchajidwe pompo. Kulikama mpaka kuuma mobwerezabwereza kumalipha msanga. Za kunyanja ndi za kunyumba zikhale ndi batire lakelake la mtundu wa sola.

Kajampidwe koyenera

Ngati batire langofooka, mnzanu angakugawireni moto. Onetsetsani kuti onse ndi a 12 volts. Malole ambiri ndi a 24, mabatire awiri olumikizana, ndipo moto wotero ungawotche galimoto yaing'ono. Magalimoto awiriwo asakhudzane. Dongosolo lake ndi ili:

1. Waya wofiira pa (+) wa batire lofooka.
2. Mbali inayo ya wofiira pa (+) wa batire labwino.
3. Waya wakuda pa (−) wa batire labwino.
4. Mbali inayo ya wakuda pa chitsulo choyera cha injini ya galimoto yodwalayo, patali ndi batire.

Lizani galimoto yabwinoyo, idikire mphindi zisanu, kenako yesani yodwalayo. Pochotsa yambirani kumapeto kubwerera m'mbuyo. Yang'anani zizindikiro kawiri musanagwiritse, chifukwa kusemphanitsa mitu ngakhale kwa sekondi imodzi kumawotcha fyuzi yaikulu, alitaneta, mwinanso kompyuta.

Kukankha kumathandiza pa galimoto ya giya wapamanja: kiyi wotsegula, giya yachiwiri, kilatchi pansi, ikathamanga n'kutaya kilatchi. Koma ya otomatiki, monga ma Sienta ambiri amene adzaza m'misewu yathu, siilira ndi kukankha. Musavutitse ana a m'mudzi pachabe.

Gawo lachinayi: nyali zikuwala koma sitata ili chete

Yambani ndi zophweka. Galimoto ya otomatiki imalira giya ikakhala pa P kapena pa N pokha. Ikakana pa P, pondani buleki, ikani pa N, yesaninso. Ikalira, kaswitchi ka pa giya ndiko katopa. Zina za giya wapamanja zimafuna muponde kilatchi mpaka pansi. Zoliza ndi batani zimafuna muponde buleki, komanso kabatire ka m'kiyi kakhale kamoyo. Kakafooka, gunditsani kiyiyo pa batani pomwepo mukuliza.

Kenako mafyuzi. Bokosi lina limakhala pafupi ndi batire, lina pansi pa chiwongolero, ndipo pa chivindikiro pamajambulidwa ntchito ya fyuzi iliyonse. Zulani imodzi, iyang'aneni kodzera kuwala: kawaya ka m'kati kakaduka, yapsa. Mitundu yake imanena mphamvu: yofiira ndi 10, yabuluu 15, yachikasu 20, yobiriwira 30. Bwezerani ya nambala yomweyo.

Apa ndikupempheni ndithu. Fyuzi ikapsa musamange waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi m'malo mwake. Fyuzi ndi mlonda amene amafa kuti nyumba isapse. Mukaika waya, chotsatira kupsa ndi galimoto yonse pamodzi ndi katundu wa eni. Yatsopano ikapsanso nthawi yomweyo, pali waya wosupuka amene akukhudza chitsulo. Mufunefuneni.

M'bokosi lomwelo muli timabokosi tating'ono totchedwa relay. Ka sitata kakafa, moto sufika. Ngati pali kena kofanana ndendende manambala ndi miyendo, monga ka hutala, sinthanitsani muyese.

Zonsezi zikakhala bwino koma mukumvabe "tha!" kamodzi nyali zili zowala, sitata ndiye yatopa. Kawirikawiri ndi makala a m'kati amene aperepeseka. Giya ili pa fulii, handibuleki yokoka, mwala kutayala, wina agogode thupi la sitata pang'onopang'ono ndi mtengo wouma pamene inu mukuliza. Nthawi zambiri imadzuka. Koma kumeneko n'kupempha ulendo umodzi wokha wokafika kwa makaniko. Makala ndi otsika mtengo, sitata yathunthu ndi yodula, ndiye musachedwe.

Gawo lachisanu: ikuzungulira koma sikugwira

Musachite manyazi, yambani mwaona mafuta. Geji imanama, makamaka pa magalimoto akale.

Ngati mafuta alimo, tsegulani kiyi osaliza, wina atchere khutu pafupi ndi thanki. Pa magalimoto ambiri a petulo pampu imang'ung'udza masekondi awiri kapena atatu, ina imayamba pokhapokha mukuliza. Ikakhala chete ponseponse, onani fyuzi ndi relay yake musanaweruze pampu.

Yang'ananinso padashibodi. Kanyali ka chithunzi cha kiyi kapena loko kakamaphethira mukuliza, galimoto sikumuzindikira kiyi wanu. Makiyi ambiri a masiku ano ali ndi kachipangizo m'mutu mwake, ndipo wosulitsa pamsika angatsegule chitseko koma osaliza injini. Kiyi wonyowa m'nyanja nayenso amachita zomwezo. Yesani wapadera ngati muli naye.

Kenako moto wa mapulagi. Pa galimoto yakale ya mawaya a mapulagi, zulani pulagi imodzi, ibwezereni m'waya wake, igonekeni pa chitsulo cha injini, manja kutali, wina alize. Muyenera kuona kamoto kabuluu kakuthetheka. Musachite zimenezi pamene pakununkha petulo. Pulagi yakuda ndi mwaye kapena yonyowa ipukuteni n'kuiumitsa. Ngati moto palibe pa mapulagi onse, ganizirani koyilo, fyuzi yake, kapena kasensa kamene kamauza kompyuta kuti injini ikuzungulira. Nthawi ya dzinja, kapena mutawoloka madzi, chinyontho chimalowa m'chivindikiro cha distributor. Chitseguleni, pukutani ndi nsalu youma, chiyanikeni padzuwa pang'ono.

Dizilo ilibe mapulagi a moto. Ili ndi ma heater otenthetsa m'kati m'mawa. Dikirani kanyali kopiringizika kaja kazime musanalize. Ikamavuta m'mawa mwa Juni ndi Julayi, n'kumatulutsa utsi woyera, koma masana n'kumalira bwino, ma heater ena afa. Pa dizilo zakale palinso kawaya kamodzi kopita pa pampu ya mafuta, kotsegulira dizilo. Mukatsegula kiyi pamamveka "tha" pang'ono. Kawayako kakazuka, injini izungulira mpaka batire kutha osalira.

Musaiwale makoswe. Galimoto yonyamula chimanga ndi nsomba zouma imawaitana, ndipo amakonda kumanga chisa pa injini n'kumatafuna mawaya. Galimoto ikaima masiku angapo n'kukana kulira, unikani ndi tochi. Mukaona zitosi ndi tizidutswa ta pulasitiki, tsatirani pomwepo. Sesani galimoto mukatsitsa katundu, ndipo musaiimike pafupi ndi nkhokwe.

Kwa a maboti ndi a njinga zamoto

Nzeru ndi yomweyi. Injini ya boti ikakana, musanamasule kalikonse onani kachingwe kofiira kozimitsira kaja ngati kali m'malo mwake, ndi giya ngati ili pa fulii. Kenako pulagi. Pulagi yapadera ndi sipanala yake zizikhala m'boti, zokulungidwa m'pulasitiki. Injini yokana pagombe ndi nkhani ya ndalama, koma yokana pakati pa nyanja mwera ukubwera ndi nkhani ya moyo. Pa njinga yamoto onani swichi yofiira ya pa chiwongolero ndi fyuzi ya pafupi ndi batire.

Zoyenera kukhala m'galimoto

Sipanala za 10, 12 ndi 13, pulayala, sikuludiraiva, sandipepa, tepi wakuda, mafyuzi a nambala zosiyanasiyana, majampa onenepa bwino, tochi, ndi kamita kaja. Zonsezi zimakwana m'kachikwama kamodzi. Ndipo usiku woti mawa mupakira katundu wowola, lizani galimoto, yatsani nyali, gwedezani mitu ya batire. Vuto lopezeka madzulo limakonzedwa mtima uli m'malo.

Pofika kwa makaniko

Pali malire a zimene tingachite tokha. Za kompyuta, za kiyi wokana, za waya wopsa m'kati mwa mtolo, zimenezo n'za amisiri a magetsi a galimoto. Safunsa anadya phula. Koma mukapita mutayesa kale zimene tafotokozazi, mukalankhula zomveka: "Batire likuonetsa 12.5, mitu ndatsuka, nyali sizikufooka, ndikumva tha kamodzi." Mmisiri wabwino amakondwa ndi mawu otere chifukwa mwamufupikitsira ntchito. Musanavomere kugula chinthu, mufunseni mwaulemu kuti wayesa bwanji, ndipo chakale chimene wachotsa akupatseni. Inunso ana athu amene mukuphunzira umakaniko, musamatchule matenda musanayeze. Ndalama imene munthu akutulutsa pa mawu anu mwina ndi ya ngongole, ndipo mawu anuwo ndi amana.

Mafunso obwereza pakhomo

Khalani pansi ndi amene amayendetsa galimoto kwanuko, mufunsane:

1. Pomasula batire timayamba mutu uti, ndipo chifukwa chiyani?
2. Nyali zikakhala zowala koma sitata ili chete, vuto tilifune kuti?
3. Batire lodzaza limaonetsa nambala yanji? Nanga injini ikulira?
4. Waya wakuda womaliza pojampa timamugwiritsa pati?
5. Fyuzi yatsopano ikapsanso pompo, zikutanthauza chiyani?

Amene wayankha zonse apatsidwe sipanala ya 10, akagwedeze mitu ya batire lero lomwe. Batire lakale lija ndinalisunga, linagwira ntchito chaka china chathunthu. Amayi atatu aja ndinawabwezera pang'onopang'ono nditakolola mpunga.

Allah akutetezeni panjira ndi panyanja. Wassalamu alaikum.